Dzina la Pachitseko

Otis atazula msomali womaliza, kachikwangwani ka dzina lachimuna kanachoka pachitseko cha ofesi n'kugwera m'manja mwake. Renata Kowalczyk anaima kumbuyo kwake ndi kapu ya khofi, mtima uli m'mwamba.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zomwe Renata waphunzitsa masamu pa yunivesiteyi, kalipentala ameneyu ankamulonjera kuti "Bambo". Lero kanali koyamba kubwera kuntchito ali mayi, monga ankadzidziwira mumtima kuyambira ali mwana. Ndipo Otis anali asanatsegule pakamwa.

Anakhoma katsopano, n'kukapukuta ndi mkono wa malaya, kenako n'kubwerera m'mbuyo atatsinzina diso limodzi.

"Kawongoka, Mayi Kowalczyk?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Renata. Anangogwedeza mutu, khofi n'kutayikira pansapato.

"Aaa, musalire mayi, misomali yanga ingachite dzimbiri. Nanga kakaleka, nditaye?"

Renata anakayang'ana kanthawi. "Tebulo langa logwedera lija, ndakudandaulirani chaka chathunthu, munalikonza?"

"Pepala londilola kulikonza likadali m'njira."

"Bweretsani kakaleko kuno."

Renata anagwada ndi diresi yake yatsopano, n'kulowetsa kachikwangwaniko kunsi kwa mwendo waufupi wa tebulolo, dzina litayang'ana pansi. Anayesa kugwedeza tebulo. Linali nji!

Otis anaseka mpaka kutsamira chitseko, ophunzira odutsa n'kuyamba kusuzumira.

"Mwaona, a Otis?" anatero Renata akupukuta misozi. "Zaka zonsezi, lero ndiye dzina limeneli lagwirako ntchito."