Mwana wa Malizani Kumacheka

"Bwana, mnyamatayu mchotseni kwanga kuno. Za macheka wazidziwa zonse," anatero a Laimoni, kapitawo wa pafakitale ya matabwa ku Neno, polankhula ndi mzungu yemwe anali manejala wa fakitaleyo.

Linali bodza. Wilkins, injiniya wongochoka kumene kuyunivesite, anali asanathe ndi mwezi womwe kumachekako. Kampani inkamuzungulitsa kuti aphunzire utsogoleri: kuboila, kugalaja, kusitolo. Kapitawo akavomereza kuti wadziwa ntchito, mnyamatayo ankapita kwina.

A Laimoni mtima unkawawawa. Wilkins ameneyu, mwana wa Malizani wa ku Dambe, Malizani yemwe anasiyira naye limodzi sukulu Sitandade 3, lero anyamata awo omwe akumuvulira zipewa! Chonsecho mzungu anali pafupi kubwerera kwawo, ndipo mpando wakewo iwo anaudikira kuyambira nthawi ya Chitaganya.

"Mukutsimikiza, Laimoni?" anafunsa mzunguyo.

"Ngwanzeru zedi, bwana. Waposa ine ndemwe. Apite kwina basi."

Wilkins anayesa kulowererapo. "Bambo, kunola macheka ine sindina..."

"Chete, mwanawe! Akuluakulu akulankhula."

Mzungu anamwetulira, nawagwira paphewa. "Kwina kulibe, kwanu kuno kunali komaliza. Mabwana a ku Blantyre ankati akadali mwana, mpandowu tikupatseni inu mpaka atakhwima. Koma ngati mukutero inu, Lolemba ayambe umanejala."

Anyamata onse anali atazimitsa makina, akumvetsera.

"Zikomo kwambiri, bwana," anatero a Laimoni, nayambitsa okha kuomba m'manja.