Maloko Awiri pa Chitseko cha Bekale

Bwana wa ku boma anatulutsa makiyi awiri m'thumba, mayi wophika buledi n'kusendera pafupi.

Pachitseko cha bekale panalendewera maloko awiri. Mayiyu ataphatikiza bizinesi yake ndi ya mlamu wake, ofesi yoona za mpikisano pa malonda inakhomapo loko, ya ziphaso nayonso inadzakhomapo. Kwa miyezi isanu ndi iwiri, ofesi iliyonse inkangoti, "Ayambe anzathuwo kutsekula."

"Lamulo lasintha, mayi," anatero bwanayo. "Nkhani ngati yanuyi tsopano ikugamulidwa ndi ofesi imodzi basi. Mwaloledwa."

Kiyi woyamba anatsekula msanga. Wachiwiri anakana kuzungulira chifukwa cha dzimbiri. Bwana analimbana naye mpaka thukuta kamukamu.

Mlamu uja anakabwereka nyundo kwa wokonza njinga. "Pepani bwana, chilolezo cha nyundoyi tikapemphe ku ofesi iti?"

Bwana anaseka, navula jekete. "Bweretsani kuno. Lero ofesiyo ndine."

Anamenya katatu. Chitseko chitatseguka, mayiyo anathamangira pa uvuni, nayamba kupukuta fumbi ndi manja, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu, musangoima apo," anatero. "Kasakeni ufa!"