Mphete ya Alamu

Manja asanu anali m'mwamba, ena asanu ali pamaondo. Inatsala voti imodzi yokha, ya mwini mphete.

M'thumba la epuloni, Atelala anali atafumbata nguli yawo yong'aluka pakati, yachitatu mwezi umenewo. Zonsezo inaswa ndi mphete yachitsulo imene mlamu wawo, wowotcherera zitsulo, anaveka nguli yake. Ikangolowa m'beseni la mpikisano, zinzake zinkauluka ngati zitsekerero za mabotolo. Ndiye gulu linakumana kuseri kwa shopu kuti ligamule ngati mpheteyo iletsedwe.

"Akatswiri, tikudikira inu," anatero wapampando.

Mlamu uja anatembenuza nguli m'dzanja lake lazipsera. Anayang'ana mabenchi awiri opanda anthu, amene kale ankadzaza thothotho. Kenako anatulutsa sipanala n'kumasula mphete ija. Inagwera patebulo kuti ngwee!

"Ndinaisula milungu itatu imeneyi," anatero akukweza dzanja. "Koma Loweruka lapitali ndinapambana popanda wondiombera m'manja ndi mmodzi yemwe. Iletsedwe basi."

Atelala anatola mpheteyo n'kuipepeta m'manja.

"Alamu, iyi ndatenga. Izindipsinjira nsalu podula."

"Tengani. Koma nguli mwabisa m'thumbayo bweretsani kuno, ndiilumikize. Loweruka ndikufuna wolimbana naye."

Atelala anatulutsa zidutswa ziwiri zija, zonyowa ndi thukuta. Anazipereka ndi manja awiri m'dzanja lomwelo limene linaziswa.