Kudikira Wodwala Wachiwiri

Makina a kuchipatala anapeza chotupa m'njira ya ndulu ya bambo ake a Sungeni. Koma lamulo latsopano linkati dokotala wa opaleshoni sayendera munthu mmodzi. Wodwala matenda osowa chonchi azidikira mpaka m'deramo mupezeke mnzake.

Kunyumba anasiya kuthira mafuta m'ndiwo. Amayi ankawenga bambo zikhadabo kuti asadzikande mpaka magazi. Sungeni ankakhalitsa pamjigo kusuzumira anthu m'maso, kufunafuna chikasu chonga cha bambo.

Tsiku lina anafika ali wefuwefu. "Amayi, a Nachuma aja maso ayamba chikasu."

"Iwe, mayi amene ankakubereka kumsana? Ndiye ukusekerera?"

"Nanga lamulolo ndinalemba ndine?"

Amayi anatukwana chapansipansi, n'kumanga chitenje kukadzionera okha.