Matope a ku Mgodi M'munda wa Lazhar

Panali munthu wina dzina lake Lazhar, wa kum'mwera kwa Tunisia, kumene amakumba fosifeti, miyala yopangira feteleza ija. Bambo ake pomwalira anasiya mitengo ya kanjedza makumi asanu ndi atatu, ndipo iye ndi mng'ono wake Mongi anagawana pakati ndendende. Ngalande inali imodzi, ankathirira mosinthana, lero uyu mawa uyo.

Koma chaka ndi chaka mitengo ya Mongi inkabereka mpaka kulendewera, pamene ya Lazhar inkangobereka mwa apo ndi apo. Ogula akabwera ankayambira kwa Mongi. Zimenezi zinkamudya Lazhar mumtima. Munthu akangotama mng'ono wakeyo, ngakhale tiyi wa shuga ankamuwawa.

Kenako anthu anasankha Mongi kulowa m'komiti yoyendera damu lomwe mgodi umatayiramo madzi amatope otsukira miyala. Lazhar atamva anaitana mkazi wake.

"Mabrouka, ndamugwira! Fosifeti si feteleza kodi? Mwanayu akutunga madzi a ku mgodi n'kumathira mitengo yake mobisa. Ife akutinamiza kuti ndi poizoni."

"Bambo a Sihem, munamuonapo akutunga?"

"Mfiti imaoneka masana?"

Sabata yomweyo Mongi anafika pa geti ndi ngolo ya bulu. Aka kanali kachitatu kubwera nayo.

"Achimwene, ndakubweretserani manyowa a nkhosa. Awola bwino, muthire kusanazizire."

"Wandiona wa ndowe ine? Zabwino wabisa, zonunkha ndiye za achimwene. Tembenuza bulu wakoyo."

"Zabwino ziti, achimwene?"

"Usandipusitse iwe. Ndinkakusambitsa ndine."

Lachisanu atatuluka mumzikiti, Lazhar anakhala pamalo omwera tiyi. Panabwera mlendo wina, woyendetsa galimoto ya thanki. Ntchito yake inali kututa matope aja kukataya ku damu, koma mtunda wake unkamukwana.

"Haji, mitengo ili m'mbali mwa msewu ija ndi yanu? Ikuoneka ya njala. Ine chakudya chake ndimakachitaya kuchipululu tsiku lililonse, mpaka chisoni."

"Thanki imodzi ungandichite bwanji?"

"Inuyo? Wallahi, ndikulumbira, kapu ya tiyi basi. Bola a komiti asamve."

Mawu omalizawo ndi amene anamumaliza Lazhar. Anati mumtima, ndimanena ine. Ngakhale dzina la mlendoyo sanafunse.

Masana dzuwa lili paliwombo, anthu atabisala m'nyumba, thanki inakhuthula matope otuwa m'munda. Inabwera kasanu. Tsiku lachitatu Mongi anaona modutsa matayala pamchenga, nathamanga wefuwefu.

"Achimwene, mwatani! M'menemu muli mchere ndi mankhwala. Ku damu kuja ngakhale udzu sumera, ndaona ndi maso angawa. Tiyeni tipale lero lomwe, zisanalowe pansi."

Lazhar anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Wayamba kunjenjemera eti? Chaka chino ogula ayambira kwanga."

"Mitengoyi anabzala ndi bambo athu, achimwene."

"Nchifukwa chake ndikuidyetsa. Choka m'munda mwanga."

Mongi anatseka ngalande pamalire kuti matope asawolokere kwake, n'kukapereka nambala ya galimoto ku komiti. Lazhar ndiye anayenda mudzi wonse kuuza anthu kuti mng'ono wake ndi wansanje, safuna kuona mnzake akutukuka.

Matope aja atauma anagwirana ngati simenti. Madzi akathira ankangoyandama pamwamba. Masamba anayamba chikasu, kenako kuuma kuyambira pansi. Pofika nyengo yokolola, mitengo yonse makumi anayi inali itaima ngati mapolo a magetsi. Woyendetsa uja anazimiririka. A ku mgodi anabwera ndi makina n'kupala matope, koma wopima nthaka anapukusa mutu, nati pamenepo sipameranso kanthu kwa zaka zambiri.

Lazhar anasiya kupita kokamwa tiyi. Manyazi anamugwira moti akamva ngolo za ogula zikudutsa, ankalowa m'nyumba.

M'mawa wina anamva bulu pa geti. Anali Mongi ndi ngolo yomwe ija. Pamwamba panali ana a kanjedza khumi, ozula pamitengo ya bambo awo, pansi pake manyowa.

"Achimwene, mubzale kumbali kwanga. Malo alipo."

Lazhar anayang'ana pansi. Kenako analankhula chapansipansi.

"Mongi, zatha tsopano, sindingakupose. Ingondiuza. Unkathira chiyani?"

"Chomwe chili m'ngolomu, achimwene. Ndinakubweretserani katatu, ndipo katatu munandibweza pa geti pompano."

Lazhar anatenga fosholo, misozi ili mbwembwembwe. Kanjedza amatenga zaka ngati zisanu ndi ziwiri kuti ayambe kubereka bwino. Chaka chimene ankabzalacho Lazhar anali atakwanitsa kale zaka 68.

Phunziro: Nsanje imakupangitsa kukana m'bale wokufunira zabwino n'kukhulupirira mlendo amene sudziwa n'dzina lomwe. Zinyalala za ku mgodi ndi ku fakitale zili ndi malo ake, ndipo wokupatsa zaulere n'kumati "anthu asamve" akungofuna potayira. Mukaona zotere nenani msanga, nthaka ikafa sidzuka mawa. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka amene amakhala pafupi ndi migodi.