Batani Lofiira Limene Odwala Sankadina

Panali munthu wina mumzinda wa Kanazawa, kutsidya kwa nyanja, mayi wachitsikana dzina lake Nagumo Shiori, katswiri wokonza zipangizo za m'chipatala. Amene anandiuza nkhaniyi akuti zinachitikadi.

Shiori anapanga kachipangizo konga foni, koika pambali pa bedi la munthu amene wangochitidwa opaleshoni. Kanali ndi mabatani awiri okha. Lobiriwira linalembedwa kuti "Ndili bwino." Lofiira linalembedwa kuti "Ndithandizeni," ndipo ukalidina linkalira mpaka wodi yonse kumva.

Asanakapereke kuchipatala, anaitana okalamba angapo, n'kuwapatsa tiyi, n'kuwafunsa mmene akukaonera. Onse anawerama. "N'kokongola zedi." "Mwagwiratu ntchito, mwana wanga."

Mnzake wamkulu pantchitopo, a Udagawa, atamva anaseka.

"Iwe Shiori, unabadwira kuti kodi? Munthu wamwa tiyi wako angakuuze pamaso kuti wapanga zosathandiza? Usawafunse. Pita ku wodi, ukakhale pakona, ukatseke pakamwa, ukayang'ane manja awo."

"Nthawi yatha, a Udagawa. Komanso mabatani awiri okha, ngakhale mwana sangasokonezeke."

"Ine sindikunena zosokonezeka."

Koma Shiori anali atatola kale chikwama chake.

Kachipangizo kaja kanaikidwa pachipatala china. Odwala pafupifupi onse ankadina lobiriwira, ndipo anamwino ankati akaona zimenezo, n'kuthamangira kwa ena. Shiori ankangomwetulira.

Kenako kunagonekedwa bambo ena okalamba, a Hirayama Tokuji, opanga chakudya cha soya chotchedwa tofu, amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba. M'mawa mwake m'mimbamo munayamba kutentha ngati moto. Anasuzumira pakhomo, n'kuona anamwino ali yakaliyakali. Anacheukira bedi loyandikana ndi lawo, n'kuona mnzawo atangopeza kumene tulo. Anadina lobiriwira. Masana, thukuta lili kamukamu, anadinanso lobiriwira.

Akazi awo, mayi Fusae, atafika ndi zovala zochapa, anapeza milomo ya amuna awo itayera.

"Bambo inu, mwatani?"

"Usaphokose iwe, udzutsa anthu."

Mayi Fusae anakuwa mpaka chipatala chonse kumva. Zinapezeka kuti magazi ankatayikira m'kati kuyambira m'mawa. Dokotala anati akanachedwa pang'ono chabe, akanaika maliro. Anatinso ululu wotero ngakhale anyamata amphamvu amakomoka nawo.

A Tokuji atatsitsimuka pa opaleshoni yachiwiri, Shiori anapita kukawaona. Anagwada pafupi ndi bedi, mphumi mpaka pansi, akudikira kulalatiridwa. Anangomva bedi likulira. Atadzutsa mutu anaona nkhalamba ija, machubu ali m'mphuno ndi pamkono, ikulimbana kuti idzuke imuweramire.

"Dzukani, mayi," anatero a Tokuji ndi mawu otsika. "Wolakwa ndine. Kachipangizo kanu n'kabwino. Ndakuchititsani manyazi."

"Mwamva?" anatero mayi Fusae, misozi ili m'maso koma akuseka. "Gogo ameneyu angalole kufa kusiyana n'kuvutitsa munthu. Zaka zonsezi ndimadziwa kuti wadwala ndikaona wasiya mpunga m'mbale."

"Anamwino anali otanganidwa, iwe. Ndikanaliza belu lonse lija chifukwa cha ine ndekha?"

Shiori anazizwa. Munthu kufika pakhomo pa imfa ali phee, kuopa kudzutsa mnzake wosamudziwa n'komwe! Anatsanzika n'kutuluka.

M'mawa mwake anapempha chilolezo, n'kutenga mpando, n'kukakhala pakona pa wodi. A Udagawa anabwera n'kukhala naye, osamukumbutsa chilichonse. Shiori anayamba kuyang'ana manja a odwala. Mayi wina ankaika chala pa batani lofiira, n'kuyang'ana pakhomo, n'kuchibweza. Bambo wina ankaluma thaulo mpaka namwino adutse yekha. Wina anavundikira kachipangizoko ndi mpango kuti angakagunde mwangozi. Onsewa namwino akawafunsa ankati, "Ndili bwino, pepani povutitsa."

"Si kuti sakudziwa podina," ananong'ona Shiori.

"Ayi," anayankha a Udagawa. "Akudziwa bwino lomwe."

Shiori anayambiranso. Anachotsa belu lofuula lija, uthenga uzipita mwakachetechete kwa namwino yekha. Anachotsanso mawu akuti "Ndithandizeni." M'malo mwake kachipangizoko kanayamba kufunsa kokha: "Anamwino akupempha thandizo lanu. Mukawauza msanga pamene pakupweteka, muwapeputsira ntchito." Pansi pake panali chithunzi cha thupi la munthu, wodwala azingokhudza malowo. Ulendo uno sanafunse aliyense ngati n'kokongola. Anangokaika m'manja mwa odwala n'kumayang'ana.

Anthu omwe aja, amene ankaluma mathaulo, anayamba kukhudza. Anamwino anadabwa kuona kuti wodi imene ankaiyesa ya anthu opeza bwino inali yodzaza ndi ululu.

Pasanapite nthawi, mayi wina wokalamba, a Kitamura, anakhudza pa mwendo wa chithunzi chija. Namwino atafika anapeza mwendo utatupa, magazi ataundana m'mtsempha. Akanachedwa, magaziwo akanathamangira kumapapo. Atachira, mwana wawo anawayamikira kuti anachita bwino kupempha thandizo msanga.

A Kitamura anakwiya. "Ine kupempha thandizo? Unandionapo? Ndimathandiza anamwino ine. Ana aja amatopa."

Shiori anali pakona paja, anamva zonse. Anaphimba nkhope ndi manja ake n'kulira.

Phunziro: Munthu akakuuza kuti ali bwino, usathamangire kukhulupirira pakamwa pake, yang'ana zimene akuchita. Alipo ambiri amene akuvutika mwakachetechete chifukwa safuna kulemetsa anzawo. Ngati ukupangira anthu chinthu, pita ukakhale nawo, ndipo usanyoze malangizo a amene anakutsogolera. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene akusamalira odwala ndi makolo okalamba.