Malume Anaimika Galimoto pa Mchenga wa Nyanja

Anzanga, ndiyambira kumapeto chifukwa mtima ukundidumpha: onse atatu afika amoyo masana ano, galimoto yokha ndi imene yabwera itanyamulidwa pa lole. Tsopano imvani mmene zinakhalira, ndipo ndi zoona.

Panali munthu wina, telala wosoka masuti (chabwino, ndi malume anga), amene anaganiza zokaonetsa mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi nyanja ya mchere. Unali ulendo wosamala thumba: kagalimoto kakale, kamba wophika kunyumba, mafuta othira moyeza ngati mankhwala. Dzuwa litapendeka anafika m'katauni kena m'mbali mwa nyanja, nakafunsa chipinda pa nyumba yogona alendo. Atamva mtengo, malume anaseka.

"Mayi, bedi ndabwera nalo, lili ndi matayala anayi. Tikagona pa mchenga apo."

"Bambo, mchenga umenewo ndi wa nyanja," anatero mayi mwini nyumba. "Madzi aphwa chabe, mbandakucha abwerera. Ngati thumba lavuta, imikani pabwalo langa pano, sindikulipiritsani."

Malume anayang'ana madziwo, ali kutali kuposa mabwalo awiri a mpira. "Akungotiopseza kuti tilowe m'chipinda," anatero malume ponong'oneza mkazi wawo. Anatsetsereka ndi galimoto mpaka pa mchenga, anakweza magalasi onse poopa udzudzu, nagona wailesi ikuimba.

Kunja kukuyera, msuweni wanga anadzuka mapazi akuzizira.

"Adadi, chigubu chatayika?"

Sichinali chigubu. Kutsogolo madzi, kumbuyo madzi, matayala osaoneka. Malume anapotokola kiyi, galimoto ili zii, wailesi ija inali itamaliza batire. Magalasi ake ndi otsitsa ndi magetsi, ndiye osatsika. Hutala osalira. Anakankha chitseko ndi phewa, onse atatu anakankhira limodzi, koma madzi ndi mchenga zinali zitachipanikiza kunja. Funde lililonse likamenya, galimoto inkatitimira pang'ono. Madzi anafika m'mawondo, kenako pa mipando. Mpweya unatentha, magalasi anachita nthunzi, msuweni wanga akungoti sakutha kupuma.

Mkazi wa malume anapapasa pansi pa mpando, natulutsa sipanala yomasulira matayala.

"Make mwana, dikira," anatero malume. "Galasi limenelo m'masitolo silipezeka."

"Nanga mwanayu mukam'peza m'sitolo iti?"

Phwaa, galasi lonse pansi. Anayala jekete la malume pa zobayazo, natulukira pawindo mmodzimmodzi mpaka pa denga la galimoto. Koma ngakhale pamenepo anali asanapulumuke. Palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira, ndipo madzi ankakoka. Anangokhala atagwirana manja ngati nkhuku zonyowa, mafunde akunyambita denga, mtunda akuuona koma osaufika.

Kenako anaona bwato la asodzi likubwera, kutsogolo kwake kutakhala mayi wa nyumba ya alendo uja. Akuti tulo sanatione bwino, ndiye atangodzuka anathamangira kukaitana asodziwo.

"Mwadzuka bwanji, alendo?" anatero. "Ndimati ndikubweretsereni madzi osamba, koma ndaona afika kale."

Malume, amene kunyumba sagonja pa mkangano, anangoti, "Tadzuka, mayi. Pepani."

Phunziro: Ukafika kwa eni, mvera eni, chifukwa amene amakhala pamalopo ndiye amadziwa nthawi imene madzi amabwera. Kusamala ndalama ndi bwino, koma osati mpaka kuika moyo wa ana pa mchenga. Tumizirani onse amene ali ndi malume osauzika.

Ndipo mawa tikaweruka kusukulu mubwere kwathu mudzaone nokha. Galimoto ili pabwalo, mchenga thoo mpaka m'magiya, ndipo pansi pa mpando wa dalaivala tapeza nkhanu yamoyo. Ndaiika m'beseni. Mufulumire, amayi akuti sigona kawiri pakhomo pano.